Khwangwala wa Eliya anabwera pa njinga

Januwale ku Chipata salemekeza munthu. Chimanga kumunda chimangowirira masamba, m'thumba muli mbee, ana akufuna za kusukulu. Inde, boma la Zambia linachotsa fizi mu 2022, koma nsapato ndi yunifolomu silinachotse. Ine ndine kalipentala, ndimakhoma mipando pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo mwezi umenewu aliyense amene ali ndi ngongole yanga akandiwona amakhota njira.

Loweruka lina ufa unatheratu. Ngakhale kapamela kamodzi ka ufa wapakantemba anakana kutikongoza, poti dzina langa linali litadzaza kale tsamba m'kope lake. Ndinasonkhanitsa banja, nkutsegula Mateyu 6, pamene Ambuye akunena za mbalame zosafesa ndi zosakolola koma Atate akuzidyetsa. Ndinawonjezera za Eliya, amene akhwangwala ankamubweretsera mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo kumtsinje wa Keriti. Tinagwada. Pofika pa mawu oti mutipatse lero chakudya chathu chalero ndinakweza mawu mpaka galu wa aneba anawuwa.

Dzuwa lisanafike pamutu, belu la njinga linalira pageti. Mnyamata thukuta lili kamukamu, pakaliyala atamanga thumba la ufa la makilo 25, botolo la saladi, mtedza m'kathumba, ndi tambala wofiira atalendewera pahandulo.

"Pano ndi pa a Phiri?"

"Ndine amene."

"Katundu wanu. Wachoka ku Katete pa basi, zonse nzolipiriratu."

Anamasula nkubwerera. Ine misozi mbwembwembwe.

Amayi a kunyumba anayang'ana tambala, nkuyang'ana ine. "Abambo, ku Katete tili ndi ndani ife?"

"Eliya anali ndi m'bale pakati pa akhwangwala?" ndinawayankha.

"Bwanji tidikire mpaka mawa? Muno mu Mchini a Phiri ndi ambiri."

Apa ndipamene ndinalalikira bwino koposa, ndipo mpaka lero ndimanyadira. Ndinawakumbutsa Eksodo 16, kuti amene anasunga mana mpaka m'mawa anawapeza atagwa mphutsi nkununkha. Chalero nchalero. Mpeni ndinanola ndekha.

Madalitso sadya wekha. Ndinapita kunyumba yayikulu kutsogolo kwa bwalo lathu kukayitana eni nyumba, mkulu wa mpingo, amene ndinali ndisanawalipire lendi ya Disembala. Ndinati akawona mmene Mulungu akundikondera, mwina mtima wawo ufewa. Kuti nawonso ndi a Phiri ndimadziwa bwinobwino, koma timangowatchula a mkulu, ndiye tsiku limenelo mutu sunapite kumeneko.

Anasamba m'manja, anapemphera pemphero lalitali, nsima inachita kuyamba kuzizira. Ndinawapatsa nthutumba ndi ntchafu, monga mwa ulemu. Ndinapereka umboni wonse kuyambira pakantemba mpaka pabelu la njinga, iwo akugwedeza mutu, msuzi ukuyenderera pachigongono. "Ameni, a Phiri. Yehova Yire. Mawa mukanene zimenezi kutchalitchi." Anayamikiranso kuti nkhuku yakumudzi yokoma chonchi anayidya kalekale kwa alongo awo.

Foni yawo inalira ali mkati mophwanya fupa. Poti manja anali ndi msuzi, mwana wanga anawayikira pa sipika.

"Achimwene, katundu wafika? Tambala uja musaphe ayi, ndi wambewu, ndamubwereka kwa a mfumu. Akangokwera misoti yanu sabata ziwiri mumubweze."

A mkulu anatsitsa fupa pang'onopang'ono. Anayang'ana thumba la ufa pakona, nkusuzumira pakhomo, pamene mphepo inali kuwulutsa nthenga zofiira pabwalo ponse. Amayi a kunyumba anatola mbale yosambira m'manja nkutuluka, mapewa akugwedezeka.

"Achemwali, ndiyimbanso," anatero, nkudula.

Tinakhala chete. Kenako anatambasula dzanja, nkutema mbamu ina ya nsima, nkunyenyerapo ndiwo.

"Wafa wafa," anatero. "Ufa udyeni, ana asagone ndi njala, mudzabweza mukapeza. Koma za tambala, Lolemba tikwera tonse basi ya ku Katete. Nkhani ya akhwangwalayo mukawafotokozere nokha a mfumu. Ndipo zida zanu munyamule, ndamva kuti mipando ya pabwalo pawo inathyoka."