Savonlinna: linga la pakati pa madzi ndi nyanja ya zilumba

Achemwali anga akubwera kudzandiona kuno ku Helsinki, ndipo tchuthi chawo n'chachifupi. Atandifunsa kuti ndidzawaonetsa chiyani kupatula mzindawu, ndinawayankha kuti tidzapita ku Savonlinna, tawuni ya pa nyanja ya Saimaa kum'mawa kwa Finland, ndipo sitidzathamangira kwina kulikonse. Anthu ambiri akamakonza ulendo wa ku dera la nyanjali amafuna kuona Mikkeli, Kuopio, Lappeenranta ndi Savonlinna pa ulendo umodzi. Mapeto ake nthawi yonse imathera m'basi, nyanja n'kumangoionera pawindo. Ine ndinafikako, ndipo ndikuti ngati masiku ali ochepa, sankhani malo amodzi mukhazikike.

Kuchoka ku Helsinki mumakwera sitima yapamtunda ya kampani ya VR yolowera ku Joensuu, n'kutsikira pa Parikkala, kufupi ndi malire a Russia. Pamenepo mumakwera kasitima kena kakang'ono kamene kamakakutulani pafupi ndi msika wa ku Savonlinna. Ulendo wonse umatenga maola anayi ndi kanthu. Tikiti yogula msanga imatsika mtengo, choncho yathu ndidzagula tsiku likangodziwika. Achemwali akufunika viza ya Schengen, ndipo ndawauza kuti ayambe kuithamangira nthawi idakalipo.

Chondikokera kumeneko ndi linga la Olavinlinna. Anayamba kulimanga mu 1475, pa lamulo la Erik Axelsson Tott, mmodzi wa akuluakulu a ufumu wa Sweden, pamene Finland inali m'manja mwa mafumu a Sweden. Pangano la Nöteborg la mu 1323 linali litadula malire pakati pa Sweden ndi Novgorod, dziko la a Russia la kum'mawa kwake, koma m'nkhalango ndi m'madzi a ku Savo, dera limene kuli Savonlinna, malirewo sankaoneka bwino, ndipo aliyense ankati dzikolo ndi lake. Ndiye anasankha thanthwe la pakati pa mpata wa Kyrönsalmi, pomwe madzi amathamanga kwambiri moti sachedwa kusungunuka ngakhale m'nyengo yozizira. Mdani sakanangoyenda pamwamba pa madzi oundana n'kufika pakhoma. Dzinalo ndi la Olaf, mfumu ya ku Norway imene inadzatchedwa woyera mtima.

Mukaimirira pa mlatho woyandama wolowera m'lingamo, mumaona nsanja zitatu zozungulira, zamiyala yotuwa m'munsi ndi njerwa zofiira pamwamba. Poyamba zinalipo zisanu. Lingali linasinthana manja: a Russia analilanda mu 1714, linabwerera ku Sweden mu 1721, kenako pangano la ku Turku la mu 1743 linaliperekanso kwa a Russia, omwe anawonjezera makoma ena akunja. Ndiye kuti khoma lomwe linamangidwa poopa a kum'mawa linadzatembenuka n'kumayang'anira a kumadzulo. Mu 1809 Finland yonse italowa pansi pa mfumu ya Russia, lingali linatha ntchito ya nkhondo. Musalowemo nokha n'kungozungulira pabwalo. Dikirani wotsogolera alendo, chifukwa ndi iyeyo amene amakukwezani m'nsanja, m'masitepe opanikiza ndi osalingana, kukafika pa tizipinda tozizira mmene asilikali ankagona. Ndawachenjeza achemwali kuti nsapato za gogoda azisiye kunyumba.

Nkhani ya mwezi woti tidzapite ndiyo yandiganizitsa kwambiri. Mu Julayi m'bwalo la lingali mumachitikira chikondwerero cha nyimbo za opera, chimene woimba Aino Ackté anayambitsa mu 1912 ndipo chinatsitsimutsidwa mu 1967. Anthu oposa 2,000 amakhala m'bwalomo usiku umodzi. Kwa okonda nyimbozi ndi mwezi wabwino, koma malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera zedi m'tawuni yaing'ono ngati imeneyi. Ife tasankha kumapeto kwa Juni. Dzuwa limalowa cha m'ma 11 koloko usiku n'kutulukanso 3 koloko itangokwana kumene, mdima weniweni osabwera. Udzudzu ulipo wochuluka, makamaka m'nkhalango. Sufalitsa malungo, koma umaluma ndithu, ndiye mafuta odzola othamangitsa udzudzu asasowe m'chikwama. Jekete nayonso, pakuti mphepo ya panyanja imazizira madzulo.

Nyanja ya Saimaa ndiyo yaikulu kuposa zonse mu Finland, pafupifupi masikweya kilomita 4,400. Kwa ife amene tinakulira ku Nkhotakota, komwe tsidya lina silioneka kawirikawiri, Saimaa imadabwitsa mwanjira ina. Kulikonse kumene mungayang'ane mukuona chilumba, kuseri kwake china, zonse zovala mitengo ya paini ndi ya makungwa oyera. Zilumbazo zilipo pafupifupi 14,000. Simungaimvetse muli pamtunda. Padoko la pafupi ndi msika pamanyamuka sitima zakale zoyendera nthunzi, zina zopitirira zaka 100, zimene zimazungulitsa alendo kwa ola limodzi kapena awiri. Mukamabwerera, linga limatulukira pang'onopang'ono pakati pa madzi, ndipo mpamene mumazindikira chifukwa chake analimanga pamenepo.

M'madzi omwewa mumakhala chinyama chotchedwa norppa, chonenepa, chamawangamawanga ngati mphete, chokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo. Abale ake amakhala m'nyanja zamchere, koma mtundu uwu unatsekeredwa muno mtunda utakwera pambuyo pa nyengo ya madzi oundana, zaka masauzande zapitazo, ndipo supezeka kwina kulikonse padziko. M'zaka za m'ma 1980 zinatsala zosakwana 200. Lero zaposa 400. Zimaswera m'mphanga za chipale chofewa m'mbali mwa zilumba, ndipo chaka chimene chipalecho chachepa, anthu odzipereka amatenga mafosholo n'kukaziunjikira milu yoti ziswereremo. Asodzi nawo amaletsedwa kutchera maukonde m'madera ena m'miyezi imene ana ake ali aang'ono, chifukwa amakodwa n'kufa. Zimenezi zimandikhudza mtima. Amene akufunitsitsa kuiona apite mu Meyi, pamene imaothera dzuwa pamiyala pofundula ubweya, akwere boti la ku Linnansaari, malo otetezedwa kuyambira mu 1956. Achemwali sindinawalonjeze kuti adzaiona.

Chakudya sichovuta. Pamsika amakazinga muikku, kansomba kakang'ono kamene amakapaka ufa wa rye, mbewu yofanana ndi tirigu, n'kukakazinga m'batala, ndipo mumadya ndi minga yomwe, monga timachitira ndi usipa. Pali ndi lörtsy, chitumbuwa chopyapyala chokazinga m'mafuta, chokhala ndi nyama kapena jamu wa maapozi mkati. Mbalame za panyanja zimalanda chakudya m'manja, choncho khalani pansi pa tenti.

Tsiku lotsala tidzalipereka ku Punkaharju, pa njanji yomweyo yobwerera ku Parikkala. Ndi kamtunda kakang'ono kamchenga ndi miyala, kotalika makilomita 7, kamene madzi oundana anakasiya akusungunuka. Pena kamachepa mpaka kungokwana msewu, madzi uku ndi uku, mitengo ya paini yaitali itaima m'mbali. Tidzatsikira pa siteshoni ya Lusto, pomwe pali nyumba yosungiramo mbiri ya nkhalango za Finland, n'kuyenda wapansi kapena kubwereka njinga. Lamulo lakuno limalola aliyense kuyenda m'nkhalango ndi kuthyola zipatso zakutchire, bola osafika pakhomo pa munthu ndiponso osakoleza moto popanda chilolezo.

Ku Kerimäki kuli tchalitchi cha matabwa cha m'ma 1840, chimodzi mwa zazikulu kwambiri padziko, chokhala anthu 3,000 pa mabenchi. Achemwali ndi a chigwirizano cha amayi ndipo akachiona adzasangalala, koma siteshoni ya sitima ili kutali ndi tchalitchicho ndipo mabasi ndi ochepa, makamaka Loweruka ndi Lamlungu. Ndikuyang'anabe ndandanda ya mabasi. Akapezeka a pakati pa sabata, tidzapita m'mawa n'kubwerera masana kuti tikapeze sauna, chipinda chosambiramo cha nthunzi, ya kumene tidzagone idakali yotentha.