Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Kuwerengetsera Majini Obisika m'Zomera

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a zomera, aphunzitsi athu a za majini (tinthu ta m'maselo timene timapatsira maonekedwe kuchokera kwa makolo kupita kwa ana) anatipatsa ntchito imene inadzasintha njira ya maphunziro anga onse. Anatiuza kuti tiwerenge zomera za maluwa ofiira ndi za maluwa oyera, kenako tipeze kuchuluka kwa zomera zofiira zomwe zanyamula jini ya kuyera mobisika, popeza jini ya kufiira imaphimba inzakeyo.

Njira yowerengetsera imeneyi inasindikizidwa mu 1908 ndi anthu awiri omwe sanagwire ntchito limodzi, G. H. Hardy, katswiri wa masamu wa ku Cambridge ku England, ndi Wilhelm Weinberg, dokotala wa ku Stuttgart ku Germany. Tikaimira gawo la jini ya kufiira ndi p, ndipo la jini ya kuyera ndi q, magawo awiriwa pamodzi amakwana 1. Chomera chilichonse chimanyamula majini awiri a mtundu wa duwa, choncho tikalemba jini ya kufiira ngati A ndi ya kuyera ngati a, zomera za AA ndi za Aa ndi zofiira, pamene za aa ndi zoyera. Ngati mungu ukusakanikirana mwachisawawa, zomera za AA zimakhala p², za Aa zimakhala 2pq, ndipo za aa zimakhala q². Tiyerekeze kuti pa zomera 100 zilizonse, 9 ndi zoyera. Zikatero q² ndi 0.09, q ndi 0.3, ndipo p ndi 0.7, kutanthauza kuti zomera 49 ndi za AA, pamene 42 ndi za Aa. Chinandigwira mtima ndi chakuti pa zomera 91 zofiirazo, pafupifupi theka zanyamula kuyera kumene diso silingakuone, ndiponso kuti majini ambiri a kuyera ali mu zomera zofiira osati mu zoyerazo.

Komabe aphunzitsiwo sanatilole kukondwera ndi yankho msanga. Anatikumbutsa kuti masamuwa amadalira zinthu zingapo: zomera zikhale zochuluka kwambiri, mbewu kapena mungu zisamalowe kuchokera kwina, majini asamasinthe, ndipo mtundu wina usamabereke kuposa unzake. Kwa ine, mfundo yovuta koposa pa zomera ndi ya mungu. Chimanga chimalandira mungu wouluzika ndi mphepo, choncho chimayandikira zomwe Hardy ndi Weinberg ankaganiza, koma nsawawa zomwe Gregor Mendel, amene anayambitsa maphunziro a za majini, anagwiritsa ntchito zimadzibereketsa zokha, ndipo m'zomera zotere gawo la Aa limatsika ndi theka m'badwo uliwonse. Wowerengetsera 2pq pa mbewu yotere amapeza nambala yooneka bwino papepala koma yosagwirizana ndi zomwe zili m'munda.

N'chifukwa chake pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndinasankha duwa la Mirabilis jalapa, lomwe zomera zake za Aa zimatulutsa maluwa a pinki. Mitundu yonse itatu inkaoneka ndi maso, motero ndinkatha kuwerenga p ndi q mwachindunji, kenako n'kugwiritsa ntchito chi-square, njira ya masamu yoyesera ngati kusiyana kwa manambala kwangochitika mwamwayi, poyerekeza zomwe ndawerenga ndi zomwe masamuwo akulosera.