Jakisoni wa Mngoni anathera mwa ine

Amene munali ku usilikali nthawi ya Kamuzu mukukumbukira kuti kuyambira 1987 tinkalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique, a Matsanga, zigawenga za Renamo, atanyanya kuphulitsa milatho ndi kutchera sitima. Ine ndinapitako mu 1989 ndili kopolo, koma mfuti ndinkangoikoleka paphewa kuti mwambo ukwane. Ntchito yanga inali m'chipatala cha pakampu, tsidya lija la Nayuchi, njira yopita ku Cuamba. Chipatalacho chinali tenti yaikulu, mabedi a chinsalu, tebulo limodzi, ndi kapoto kophikiramo majakisoni. Singano tinkazibwereza mpaka kubuntha, ndipo inalipo ina imene tinaitcha Msomali, yomwe ndinaipatula ndekha m'kachitini kuti ikatayidwe.

Ovulala ndi zipolopolo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene zinawavuta tinkawatumiza kumudzi. Tenti inkadzaza ndi malungo. Dera lonse la pakati pa Chilwa ndi Chiuta ndi madambo okhaokha, udzudzu wake sunkaopa yunifomu kapena nyota za paphewa.

Pabedi lakumapeto panagona mnyamata wa ku Ntcheu. Thupi litangoyamba kuzizira, Ungoni wake unadzuka: anamva kuti pamudzi wina kuseri kwa kampu atcheza kachasu. Madzulo ndikuweruka anandikodola.

"Akopolo, inu mwatopa, ndipo kutenti kwanu kuli phokoso. Gonani pabedi langali, mufunde bulangeti mpaka kumutu. Asajeni akamawerenga mitu usiku aipeze yakwana. Tambala asanalire ndabwera."

Anaonjezerapo chitini cha nyama. Amene sanakhaleko kutchire miyezi ingapo akudya nyemba zofumbwa asandiweruze.

Tambala analira, Mngoni kulibe. Chimene chinabwera m'mamawa ndi sitima ya katundu, ndipo m'menemo munali dokotala watsopano, kaputeni wachinyamata wongochoka kusukulu kunja, paja College of Medicine ya ku Blantyre inadzatsegulidwa mu 1991. Munthuyu sanafune ngakhale tiyi. Anati ayambe waona odwala.

Ndinadzidzimuka ndi mgugu wa majombo. Bulangeti linavundukuka pang'ono, maso anga n'kukumana ndi a sajeni wathu, bambo wa ndevu zapamlomo amene ndinkadya naye mbale imodzi. Anandiyang'ana, nayang'ana khadi lopachikidwa kumiyendo kwa bedi, nandiyang'ananso. Kenaka anabwezera bulangeti mwaulemu kwambiri.

"Bwana, ameneyu ndiye wovuta uja. Mapilitsi akamupatsa amalavula."

Kaputeni analowetsa dzanja kundigwira pachipumi. Munthu wagona usiku wonse m'bulangeti la boma mwezi wa Novembala, ndiye waonjezera mantha, mukuganiza anapeza chiyani? Thukuta kamukamu, mano gwedegwede. Anapukusa mutu mwachisoni. "Malungo akula. Sajeni, klorokwini wa jakisoni, pompano."

Mumtima ndinawerengetsa msanga. Ndikadzuka n'kupereka sawasha, ine ndikalowa m'chitokosi, mwina nyota n'kuthothoka. Mngoni ndiye wake ukanakhala mlandu wothawa pakampu m'dera la nkhondo, ndipo umenewo sunali wamasewera. Ndinatembenuka chafufumimba n'kutsitsa kabudula ndekha.

Ndinamva kapoto kakuvundukulidwa, kenaka phee. Kenaka ndinamva kachitini kaja kakulira. Mtima unangoti myuu. Sajeni anausiya mulu wonse wa singano zabwino, wakatenga Msomali, naupukuta, nauphika mofatsa uku akuimba mluzu. Polasa anachita kutsamira ndi phewa. Ndinaluma pilo mpaka utuchi wake kulowa m'mano, ndipo kaputeni anandisisita pamsana. "Limba mtima, msilikali. Amayi ako adzakunyadira."

Jakisoniyo anali chiyambi chabe. Achinyamata a masiku a LA simudziwa klorokwini. Kuwawa kwake m'kamwa n'kwina, koma ambiri a ife akhungu lakuda amatiyabwitsa, ndipo ine ndili m'gulu la oyabwidwa koopsa. Kuyabwa kwake sikutuluka zidzolo zoti uonetse munthu akumvere chisoni. Kumakhala m'kati mwa khungu, m'zikhatho, kumapazi, m'mutu, ndi malo ena oti sungakande pamaso pa akuluakulu. Ukasamba ndiye wakuputa. Boma litasiya klorokwini mu 1993 n'kuyamba Fansidar, akuti chifukwa tizilombo tinali titamuzolowera, ine ndinasangalala pa zifukwa zangazanga.

Dzuwa lili pamutu ndinali ngati ndagubuduka m'chitedze. Mngoni anali atalowa kale cha kuseri kwa tenti, fungo lili patsogolo, n'kudzigwetsa pabedi lake. Ine ndinavala yunifomu ndi kukagogoda kwa sajeni.

"Asajeni, ndithandizeni piritoni, ngakhale m'modzi."

"Mankhwala a boma ndi a odwala, kopolo. Dzina lako lili pakhadi liti?"

Masana kaputeni anafuna kuzunguliranso odwala, ndipo wonyamula thireyi anali ine. Kuima njo pambali pa bwana, manja onse ali pathireyi, msana ukuyaka moto! Ndinkangodzikhuza pamtengo wa tenti mwakabisira, tenti yonse n'kumagwedera. Chipewa ndinachitsitsa mpaka m'maso, poyenda ndikutsimphina mwendo wakumanja. Kaputeni anandiyang'anitsitsa.

"Kopolo, nkhope yako ndaionapo penapake."

Sajeni anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Angoni amafanana, bwana."

Ine ndine Mlomwe wa ku Thyolo, koma tsiku limenelo ndinavomera.

Titafika pabedi lakumapeto, bwana anapeza wodwala wake ali m'tulo tofa nato, thupi lozizira bwino, akuliza mkonono. Anakondwa kwabasi. Anatiphunzitsa tonse, ine ndi thireyi yanga ndili pomwepo, kuti taonani mphamvu ya jakisoni, ndipo analemba zinazake pakhadi. Za fungo anati mwina ndi sipiriti wopukutira.

Usiku ndili pakhomo la tenti, ndikudzikanda ndi chitsononkho, ndinamva kunong'ona kuchokera kumapeto kuja.

"Akopolo! Akopolo! Pakhadi alemba kuti mawa m'mawa kuli wina. Zitini ziwiri bwanji?"