Lachitatu: perf yandipusitsa m'mawa wonse

Ndadzuka ndi vuto la dzulo lomwe lija. Dalaivala yathu ya mu kernel ya Linux imathamanga bwinobwino pa mapurosesa awiri kapena anayi, koma ukaipatsa onse 32 liwiro silikwera n'komwe, ngati kuti enawo angopinda manja.

Ndinayamba ndi perf, chida choonetsa kumene purosesa ikuthera nthawi: perf record -a -g -F 99 pa makina a virtual (kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa ina). Ndimakonda kuti perf izisuzumira ka 99 pa sekondi osati ka 100, kuopa kuti ingamasuzumire nthawi yofanana ndi ntchito zobwerezabwereza za wotchi ya kernel. Lipoti litatuluka, pamwamba penipeni panali _raw_spin_unlock_irqrestore. Ndinagwira pakamwa. Kafunction kameneka ntchito yake n'kumasula loko (chotsekera choti purosesa imodzi yokha izigwira deta pa nthawi imodzi) ndi kutsegulanso ma interrupt (zizindikiro zoimitsa purosesa kaye kuti ichite china chachangu) basi. Kangadye bwanji nthawi yonseyo? Maola awiri anatha ndikukawerenga mzere ndi mzere, osapeza kanthu.

Chinandipulumutsa ndi mawu amodzi pamutu pa lipoti: cpu-clock. Makina a virtual amenewo saona ma counter a mu purosesa, ndiye perf inangodalira timer wamba. Koma timer nayo ndi interrupt. Ma interrupt akatsekedwa, iyo imaima pakhomo kudikira, ndipo akangotsegulidwa imalowa n'kugwira aliyense amene yamupeza pomwepo. Wakuba anadutsa kalekale, womangidwa n'kukhala wotsegula chitseko. Izi ndinkazidziwa, kungoti ndinafulumira kukhulupirira zimene ndaona.

Masana ndinasamukira pa makina enieni. Apa perf imawerenga cycles (kugunda kwa purosesa), ndipo pa mapurosesa a x86 imabwera ndi interrupt yapadera yotchedwa NMI, yomwe sitsekeka ndi kutseka ma interrupt wamba. Chithunzi chinasinthiratu: native_queued_spin_lock_slowpath. Mapurosesa ambirimbiri ali pamzere kulimbirana loko imodzi.

Komabe ntchito imene imachitika loko itagwidwa ndi yochepa kwambiri, mizere isanu yokha. Ndiye mzerewo ukutalika chifukwa chiyani? Ndinayendetsa perf c2c, chida choonetsa pamene mapurosesa akulandana deta, chimene chinabwera ndi Linux 4.10. Pafupifupi ma HITM onse (pamene purosesa ikufuna deta imene ina yangoisintha kumene) anaunjikana pa cache line imodzi, kachidutswa ka memory ka mabayiti 64 kamene mapurosesa amapatsirana kathunthu. Nditayang'ana struct yathu (mtolo wa deta ya dalaivala) ndi pahole, chida choonetsa mmene yasanjidwira mu memory, ndinachita manyazi ndekha: loko ili poyambirira, ndipo kumbuyo kwake komweko kuli counter yowerenga mapaketi, zonse m'mabayiti 64 omwewo. Counter imeneyo purosesa iliyonse imaiwonjezera popanda kugwira loko. Ikangolemba, cache line yonse imalandidwa kupita kwa iyo, ndipo amene wagwira loko amayenera kuidikira kuti ibwere asanamasule. Onse a pamzere nawo n'kumadikira iyeyo.

Amene anaika counter pamenepo ndine ndemwe, chaka chatha, ndikungofuna kuona mapaketi akudutsa angati. Sindinaichotse.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi khumi. Ndaisandutsa per-CPU, aliyense aziwonjezera yake ndi this_cpu_inc, tiziphatikiza pokhapokha wina akafuna kuwerenga. Loko ndaipatsa cache line yakeyake ndi ____cacheline_aligned_in_smp, ngakhale struct yanenepako pang'ono.

Nditayesanso madzulo, liwiro linakwera mpaka mapurosesa 16, kenako linayambanso kutsimphina. Pamenepo ndi pamene ntchito imawolokera ku soketi yachiwiri (chip yachiwiri ya mapurosesa), ndiye ndikukayikira NUMA (soketi iliyonse ili ndi memory yake, ndipo kufika ku ya inzake kumachedwa), koma lero ndaphunzira kusathamangira. Ndasunga perf.data zonse ziwiri. Mawa ndiyamba ndi numactl, kumangirira ntchito ku soketi imodzi kaye.