Ndime yoyamba yomwe inandidyera milungu itatu

Usiku wa dzulo ndime yoyamba ya chimangirizo changa yatheka. Ndi ziganizo zisanu zokha, koma nditaziwerenga mokweza kachitatu mtima unakhala m'malo, ndinagona tulo tomwe ndinali nditatisowa. M'kalasi tinapatsidwa ntchito yolemba chimangirizo cha mtsutso pa nkhani ya kuchotsa pathupi. Thunthu lake ndinamaliza kalekale. Chomwe chinkandikanika ndi poyambira.

Za Aristotle, katswiri wa filosofi wa ku Girisi wakale, ndi njira zake zitatu zokopera anthu (khalidwe la wolankhula, kukhudza mtima ndi mfundo zomveka) sindibwereza, tonse tinazilemba m'makope. Zoti chiyambi chionetse mbali yomwe waima nazonso mukuzidziwa. Ine zonsezi ndinkazidziwa, koma pepala linkangokhala loyera.

Poyamba ndinatsegula ndi funso: kodi moyo wa munthu umayamba liti? Ndinaliona lamphamvu, mpaka nditazindikira kuti palibe wowerenga amene amafika pa funso limeneli alibe yankho. Amayankha mumtima, kenako amangodikira kuti aone ngati ndili naye kapena ndikulimbana naye. Ndiye ndinayesa chiwerengero. Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse pathupi pafupifupi 73 miliyoni pamachotsedwa chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 45 pa 100 alionse amachotsedwa m'njira zoika moyo wa mayi pachiswe. Ndinkaganiza kuti nambala sitsutsidwa. Zoonadi sitsutsidwa, koma anthu awiri amaiwerenga mosiyana. Wina akaona 73 miliyoni amaona ana omwe sanabadwe, wina amaona amayi omwe anasowa kolowera. Nambala ija imangomulimbitsa aliyense pomwe anaima kale. Ndinayesanso mbiri, kuyambira chigamulo cha Roe v. Wade cha mu 1973 ku United States, chomwe chinapereka ufulu wochotsa pathupi, mpaka pomwe khoti lalikulu la dzikolo linachifafaniza mu 2022 pa mlandu wa Dobbs. Zinatuluka ngati manotsi a phunziro la mbiri, zopanda mpweya.

Chinanditsegula maso ndi nkhani yomwe Judith Jarvis Thomson, katswiri wa filosofi wa ku yunivesite ya MIT ku United States, anasindikiza mu 1971. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha fanizo la woimba vayolini: mwadzuka m'mawa n'kupeza kuti anthu anakubani ndipo alumikiza thupi lanu ku woimba vayolini wodwala impso, yemwe afe mukangodzichotsa isanathe miyezi isanu ndi inayi. Nanenso poyamba ndinkangoyang'ana fanizolo. Koma ulendo uno ndinawerenga zomwe anachita asanafike pa fanizo. Thomson ankateteza kuchotsa pathupi, komabe anayamba n'kuwapatsa otsutsana naye mfundo yomwe amaidalira koposa. Anati, tiyeni tingovomera kuti chomwe chili m'mimbacho ndi munthu kuyambira tsiku lomwe mayi waima. Ndiye n'kufunsa ngati kuvomera zimenezo kukutanthauza kuti nkhani yatha.

Apa m'pamene ndinaona vuto langa. Ziyambi zanga zonse zinkalankhula kwa munthu yemwe akugwirizana nane kale. Munthu ameneyo safunika kukopedwa. Wofunika kukopedwa ndi uja amene akangoona mutu wa chimangirizo amayamba wamanga nkhope, ndipo iyeyo sangamve mfundo yanga ngati sanaone kaye kuti yake ndaimva. Osati kuimva mwachiphamaso, kungoti "ena amati" n'kuigwetsa pa chiganizo chotsatira. Kuimva ndithu, kuinena bwino moti mwini wake agwedeze mutu n'kunena kuti inde, ndi zimenezo zomwe ndimakhulupirira.

Ndinkaopa kuti mwina njirayi imangothandiza mbali imodzi, ndiye ndinafufuza wolemba wa mbali inayo. Don Marquis, wa ku yunivesite ya Kansas, analemba mu 1989 motsutsa kuchotsa pathupi. Iyenso sanalowe ndi ukali. Anayamba n'kuvomera kuti maganizo akewo akatswiri anzake ambiri sankawatsatira, kenako anaonetsa mmene mbali ziwirizi zimakanirirana pa funso loti munthu ndi ndani, popanda wopambana. Atatero anasiya funsolo n'kufunsa lina lomwe aliyense angaliyankhe: n'chifukwa chiyani kupha inu kapena ine n'kulakwa? Yankho lake linali loti wophedwa amalandidwa tsogolo lake lonse. Sanatchule chipembedzo. Anthu awiriwa amatsutsana pa zonse, koma khomo lomwe analowera ndi limodzi: anayambira pomwe wowerenga wokayika waima.

Pambuyo pake ndinapeza kuti Carl Rogers, katswiri wa za maganizo a anthu, ananena zofanana mu 1951. Lamulo lake linali loti pokangana, munthu asanene zake mpaka atabwereza zomwe mnzake wanena mofika poti mnzakeyo wakhutira. Ndipo zaka zoposa 2,000 zapitazo Cicero, katswiri wolankhula pagulu wa ku Roma, anali atasiyanitsa kale chiyambi cholunjika ndi chiyambi cholowa mwakachetechete, chomwe ankati n'choyenera pamene omvera ali kale ndi mtima wokutsutsa. Pa nkhani ya pathupi, ena mwa omvera amakhala otero, kaya waima mbali iti.

Panopa ndikuona ngati palibenso njira ina yoyambira chimangirizo chotere. Funso, nambala, nkhani yomvetsa chisoni, zonsezo ndazitaya. Nkhani yachisoni ndiye ndimaikana kwambiri, chifukwa mbali inayo nayo ili ndi yake yogwetsa misozi chimodzimodzi, ndipo mukayamba kupikisana misozi palibe amene amaganizanso.

Pali chinanso chomwe njirayi inandikakamiza kuona, ndipo ndi chomwe chinanditengera nthawi yaitali: dzina loyamba lomwe usankhe. Ukangolemba kuti "mwana wosabadwa", wowerenga wadziwa kale kumene ukupita. Ukalemba kuti "mluza", wadziwanso, kungoti ndi wowerenga wina amene wakwiya. Ngakhale mneni amaulula. "Kutaya", "kuchotsa" ndi "kupha" si mawu ofanana kulemera. Ndinatha masiku awiri ndikusinthasintha liwu limodzi. Chomwe ndinachita pomaliza ndi ichi: ponena maganizo a otsutsana nane ndinagwiritsa ntchito mawu awo enieni, mwaulemu, osawaika m'zizindikiro zosonyeza kuti ndikuwanyoza. Pofika pa maganizo anga ndinasintha mawu, ndipo ndinanena poyera kuti ndasintha komanso chifukwa chake. Chiganizo chachinayi cha ndime yanga ntchito yake ndi yokhayo. Chachisanu ndiye chimanena mbali yomwe ndaima.

Chomwe chikundiwawa n'choti zonsezi ndazipeza ndekha, usiku, ndikuwerenga zinthu zomwe sizinali pa mndandanda wa zowerenga. Katatu konse aphunzitsi anandibwezera pepala atalemba ndi cholembera chofiira kuti chiyambi chikhale chokopa. Chokopa ndani? Chokopa bwanji? Nditafunsa m'kalasi anangoti ndiwerenge zitsanzo, koma zitsanzo zomwe anatipatsa zinali za mitu yomwe palibe amene amaipsera mtima, monga ubwino wochita masewera olimbitsa thupi. Pa mutu wotero funso kapena nambala zimagwiradi ntchito, chifukwa wowerenga alibe chilonda pamenepo. Nkhani ya pathupi ndi ina. M'kalasi momwemo mungakhale wina amene inamukhudzapo pa moyo wake, kapena wina amene chikhulupiriro chake chonse chagona pamenepa, ndipo sudziwa kuti ndi ndani. Tinayenera kuphunzitsidwa zimenezi tisanapatsidwe mutuwo. M'malo mwake tinathera maola awiri pa kalembedwe ka maumboni ndi kukula kwa zilembo, za chiyambi mphindi khumi zokha, belu n'kulira. Ndikudziwa kuti aphunzitsi ali ndi mapepala ambiri ochonga ndipo silabasi imawathamangitsa, koma milungu itatu imeneyi inali yoti ndikonzekerenso maphunziro ena awiri, omwe panopa ndatsalira.

Mnzanga wina ndinamuwerengera ndimeyi m'mawa uno. Iye ali mbali yotsutsana ndi yanga, ndipo n'chifukwa chake ndinamusankha. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, chinthu chomwe sichinachitikepo tikamakamba nkhaniyi. Atamaliza anati ziganizo zitatu zoyambazo akanatha kuzilemba yekha. Ndinasangalala kwambiri. Koma anawonjezera kuti pofika chiganizo chachisanu anamva ngati ndamutchera msampha, ngati ndinamusisita kuti ndimubaye bwino.

Mawu amenewo akundizungulirabe m'mutu. Polemba ziganizo zitatu zija sindinkanyenga. Ndinayesetsa kuziganizira ngati zanga, ndipo kunena zoona zinandigwedeza pang'ono, moti mfundo imodzi m'thunthu ndaifewetsa chifukwa sindingathenso kuinena mwamphamvu ngati kale. Komabe iye anamva msampha. Kaya vuto lili pa kufulumira kwa kutembenuka kwanga, kuti mwina pakati pa chiganizo chachinayi ndi chachisanu pakufunika china, kaya munthu aliyense amamva choncho akazindikira kuti wolemba sali naye, sindinapeze yankho. Palinso mantha ena: wochonga amene ali ndi mapepala ambiri akhoza kungowerenga mizere itatu yoyamba n'kuganiza kuti ndasokoneza mbali. Ndipo pa mayeso, pomwe wotchi ikuthamanga, sindikudziwa ngati ndingapeze mtima wodekha wolembera maganizo a mnzanga mwachilungamo chotere. Pepala likufunika Lolemba. Ndimeyi ndiisiya momwe ilili, koma chiganizo chachisanucho ndichiyang'ananso mawa.