Amafuna kundigulitsa bafa loti ndizikoka kupita nalo kutchire

Loweruka usiku. Ana agona, tiyi wazizira m'kapu, ine mtima sukukhala pansi chifukwa cha mnyamata wogulitsa makalavani, tinyumba togonamo tokokedwa ndi galimoto, amene pano mwina wandiiwala kale.

Nkhani yake ndi ya alamu anga, amuna a mlongo wanga, mzungu wobadwira ku Michigan. Chaka chilichonse pa 15 Novembala, tsiku limene boma limatsegula nyengo yosaka agwape ndi mfuti, iwo amakhala ali kale m'nkhalango kutsidya kwa mlatho wa Mackinac, ku Upper Peninsula, chigawo cha kumpoto cha Michigan. Chaka chatha ananditenga. Tinagona mu tenti, ndipo msana wanga unandiuza kuti zimenezo zisadzachitikenso. Ndiye tinapangana kusonkherana tigule kakalavani kakang'ono. Kumene timapitako kulibe mpope, kulibe waya wa magetsi, kulibe chimbudzi. Ndi nkhalango ya boma imene umamanga msasa ulere, bola ukhale patali ndi malo ogonera olipiritsa, ndipo upachike kakhadi kolemba dzina lako pa msasapo.

Kuchokera kuno ku South Bend, Elkhart ndi pakhomo pomwe, ndipo makalavani ambiri a mu America muno amapangidwira kumeneko. Kampani ya Thor ili komweko, Forest River komweko, Jayco ili cha ku Middlebury. Ukamadutsa umangoona mabwalo odzaza zoyera mbuu, ndiye munthu umaganiza kuti kupeza kamodzi kakang'ono n'kosavuta. Ayi ndithu.

Titafika pabwalo lina la makalavani, mnyamatayo anatilandira bwino, sindinganame. Anafunsa galimoto yokokera, ndinati RAV4. Anangoti "palibe vuto" osafunsa n'komwe kuti ndi ya mtundu uti, n'kutitsogolera ku chikalavani chotalika kuposa galimotoyo. M'kati muli bafa la shawa, TV pakhoma, microwave, makina oziziritsa mpweya padenga, ngakhale timagetsi tabuluu tozungulira bedi. Ndinamuuza kuti buku la galimoto yanga likuti isakoke zopitirira mapaundi 1,500, omwe ndi makilo pafupifupi 680. Anandionetsa nambala ya pa kapepala kake. Alamu anazungulira mwakachetechete kukawerenga chomata cha m'mbali mwa kalavaniyo, n'kubwera kudzandinong'oneza kuti nambala ya mnyamatayo ndi ya kalavani yopanda kanthu: mulibe batire, mulibe gasi, mulibe madzi, mulibe bulangete ngakhale limodzi. Thanki yake yokha ikadzaza ndi malita oposa 100, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi.

Apo m'pamene ananena zimene zandikhalitsa maso mpaka pano. Anandiyang'ana mwachifundo n'kuti, "Bwana, kukhala kopanda madzi ndi magetsi si masewera. Anthu amaganiza kuti apirira, pakatha masiku awiri amabwerera kunyumba. Simunazolowere, mudzafuna shawa."

Ndinangoseka. Ndikanatani? Ine amene ndinakulira ku Ntchisi, amene m'mawa uliwonse ndinkayamba ndapita ku mjigo ndisanapite ku sukulu, amene mayeso a Fomu 4 ndinawerengera pa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi mwaye. Ndinafuna kumufotokozera, koma ndiyambire pati, kwa mwana amene magetsi akazima ola limodzi amaimba foni kudandaula? Sanandinyoze, ndikudziwa. Amalankhula zomwezo kwa aliyense wolowa pageti. Komabe zinandibaya, ndipo chikundivuta n'chakuti sindikumvetsa bwino chimene chinandibaya. Mwina n'chakuti moyo umene amayi akukhala mpaka lero, kuno ndi zosangalatsa za pa tchuthi zokhala ndi mtengo wake pa kapepala. Mwinanso ndangotopa, sabata ino ndagwira mashifiti a usiku, ndipo munthu wosagona amakwiya ndi zilizonse.

M'galimoto pobwerera alamu anati, "Alamu, mnyamata uja sanagonepo m'nkhalango mu Novembala. Akanagona sakanatchula shawa." Ndipo apa akunena zoona. Kumtunda kuja usiku madzi amaundana. Akaundana m'mapaipi a kalavani, mapaipi amaphulika, pampu imafa. N'chifukwa chake alenje amakhuthula thanki yonse asananyamuke, n'kuthira mankhwala apinki aja oletsa kuundana, madzi akumwa n'kunyamula m'zigubu zimene zimagona m'kati momwe muli anthu. Ndiye bafa lonse lija, ndi thanki yake, ndi chotenthetsera madzi, ungolipira n'kumalikoka maola ambiri pa msewu wa US-131 kuti likakhale posungira nsapato. Microwave ndi choziziritsa mpweya sizilira popanda magetsi a m'nyumba kapena jenereta, ndipo alamu jenereta safuna kuimva n'komwe. Amati munthu sungayende ulendo wonsewo kukamvera injini.

Chimene chimavuta kumeneko si madzi, si mdima. Ndi kuzizira, ndipo kuzizirako kumakafika pa batire. Hita ya m'kalavani imayaka ndi gasi, inde, koma fani imene imakankha mpweya wotenthawo imadya batire, ndipo usiku wozizira kwambiri imangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima mpaka kucha. Batire limodzi wamba likhoza kutha usiku umodzi kapena uwiri. Likatha, hita nayo yaima ngakhale gasi ali wodzaza. Mnyamata uja anati tingoikapo sola. Sola mu Novembala, pansi pa mitengo, kumwamba kuli mitambo sabata yonse, dzuwa likulowa cha m'ma 5, chipale chitakuta galasi lake? Mabatire a lithium ndi opepuka ndipo amasunga moto wambiri, koma salola kutchajidwa akazizira kufika pansi pa 0°C, pokhapokha akhale a chotenthetsera chawochawo kapena uwasunge m'kati. Zonsezi sanatchule. Anatchula timagetsi tabuluu.

Ena amathawa vuto la batire ponyamula kahita kam'manja ka gasi kopanda fani. Kamatenthetsa, koma kamatulutsa chinyezi, moti m'mawa mawindo ndi denga zimangodontha, zovala osauma. Ndipo pali chinthu china chimene ine sindifuna kuuzidwa ndi munthu: kwathu mu Juni timamva za mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, osadzukanso. Mpweya wake ulibe fungo. Kaya tigula chiyani, kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewo ndigula ndekha, katsopano, ndipo windo lidzakhala lotsegula pang'ono ngakhale alamu adandaule.

Tinadutsanso pabwalo lina, kapena linali dzulo lija pa intaneti, zasokonekera m'mutu. Zilipo zija zopinda, zokhala ndi mbali za nsalu. N'zopepuka, RAV4 ikhoza kukoka zing'onozing'ono zake, koma nsalu ndi nsalu, kutentha kumathawa, ndipo kupinda chinthu chonyowa ndi chipale zala zitauma si ntchito yoti munthu uilakelake. Zilipo zija zooneka ngati dontho la madzi, bedi lokhalokha m'kati, khitchini kumbuyo panja. N'zokongola pa chithunzi. Koma sungaimirire, ndipo amuna awiri akuluakulu obwera madzulo atanyowa, ndi majombo amatope, majekete a olenji, mfuti ziwiri, aziyanika kuti zonsezo? Ine ndimakonda zija za fiberglass, ngati Scamp zopangidwa ku Minnesota, chifukwa zilibe misoko yambiri yolowetsa madzi ndipo umaima bwinobwino. Vuto lake eni ake amadziwa kuti n'zofunidwa, yakale mtengo wake sutsika.

Alamu maganizo awo ndi ena. Akufuna tigule ngolo yotseka yonyamulira katundu, bokosi chabe, tiikemo tokha zotchinga kuzizira m'makoma, mabedi awiri amatabwa, windo limodzi, potulukira mpweya, basi. Akuti matayala ake tikhoza kukweza kuti isamagunde pansi m'tinjira ta m'nkhalango tija ta mikwingwirima iwiri, ndipo gwape akaphedwa malo omuika alipo. Ndikaganiza mofatsa, nzeru imeneyi ndiyo yolondola. Palibe paipi yophulika, palibe chimene ukukoka chopanda ntchito. Chimbudzi ndi fosholo kapena ndowa, ndipo zimenezo sizindiopsa.

Koma kunyumba kuno nkhani inatembenuka. Mayi a ana anamvetsera zonse akupeta mpunga, osandidula, kenako anati, "Ndiye bokosi lanulo ine ndi ana tidzalowamo liti?" Ndinati ndi la kosaka. Anati, "Masabata awiri pa chaka, abambo. Miyezi inayo lizidzangokhala kuseri kwa nyumba likuchita dzimbiri? Ngati ndalama ikuchoka m'nyumba muno, chigulidwe choti m'chilimwe tizipita nacho kunyanja ndi ana. Ndipo ine za ndowa ayi." Kunyanja akunena Lake Michigan, ku Warren Dunes kumene ana amakonda kukwera mchenga. Kumeneko kuli magetsi olumikiza, kuli madzi, ndipo chikalavani cha mnyamata uja chingagwire ntchito yake yonse, shawa ndi microwave yomwe. Zinandiwawa kuti mnyamatayo wapeza womuikira kumbuyo m'nyumba mwanga momwe, iye osadziwa.

Mayi a ana sanathere pomwepo. Anakumbutsa za malata a nyumba ya amayi amene tinalonjeza mvula isanayambe, ndipo mvula kwathu imayamba mwezi womwewo wa agwape. Sanakweze mawu. Anangonena n'kupitiriza kupeta.

Ndiye pano ndili ndi zinthu zitatu zosagwirizana: galimoto yosakoka zolemera, mlamu wofuna bokosi, ndi mkazi wofuna chimbudzi chokhala ndi chitseko. Galimoto ya alamu ndi pikapu, ikhoza kukoka chachikulu, koma ndiye m'chilimwe ndizidzabwereka pikapu ya eni nthawi zonse, ndipo mlongo wanga ndimamudziwa pakamwa pake.

Ndapeza kalavani ina pa Facebook Marketplace, cha ku Kalamazoo, yakale, ija yopinda koma ya makoma olimba imene ikaimikidwa imaoneka ngati chilembo cha A. Ili ndi hita ya gasi, ilibe bafa, mwini wake akuti muli kachimbudzi konyamula m'manja. Ndamulembera kufunsa ngati denga linadonthapo, komanso ngati pansi pali pofewa ukaponda pafupi ndi chitseko, chifukwa matabwa akawola pamenepo ndiye kuti wagula mavuto. Wawerenga, sanayankhe. Alamu akuti aimba mawa tikaweruka ku tchalitchi, ndipo sindinawauzebe zimene mayi a ana anena. Za malata nazo ndiyenera kufunsa mtengo Lolemba, kaya afika pati tsopano.