Ambulera ya agogo aja ku Leipzig

Ndinanyamuka ku Berlin Loweruka m'mawa kupita ku Leipzig, m'dziko lomwelo la Germany, kukamva kwaya ya anyamata ya Thomanerchor m'tchalitchi cha Thomaskirche, momwe muli manda a Johann Sebastian Bach, katswiri wopeka nyimbo. Pa sitima yothamanga ndi ola limodzi ndi kanthawi. Tikiti gulani kudakali milungu ingapo, apo ayi mulira nawo mtengo wake. Musaiwalenso ndalama yachitsulo, chifukwa ngakhale chimbudzi cha pasiteshoni chinandidyera yuro imodzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Kwaya imayimba 3 koloko masana, ine ndinafika dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Mvula ya kuno siigunda ngati ya kwathu, imangowaza, koma kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Ndili chiimire pafupi ndi chipilala chachikulu cha Bach chomwe alendo onse amajambulitsapo, ndinangoona ambulera yandiphimba. Anali agogo ena aakazi, aafupi, tsitsi la mbuu.

"Mwana wanga, mudwala. Bwerani ndikuonetseni china chimene anthu amangochidutsa."

Tinazungulira tchalitchicho pang'onopang'ono, mkono wawo utakwezeka kuti ambulera ifike pamutu panga. Ndinaipempha kuti ndigwire ine, anakana. Pakati pa mitengo panali kachipilala kamwala, kakale, kokumbukiranso Bach. Anati kameneka anakaimika Felix Mendelssohn, wopeka nyimbo winanso, mu 1843, ndi ndalama zomwe anapeza pochititsa makonsati, kuphatikizapo kuliza yekha limba m'tchalitchi chomwecho.

Nkhani ya mnyamatayu ndinkaidziwa pang'ono, koma pakamwa pawo inamveka ngati ya mdzukulu wawo. Bach atamwalira mu 1750, nyimbo zake zikuluzikulu za m'tchalitchi zinangokhala pa mapepala, ozidziwa anali akatswiri ochepa. Mendelssohn, yemwe anabadwira ku Hamburg mu 1809, ali mnyamata analandira mphatso kwa agogo ake aakazi, Bella Salomon: buku lolembedwa pamanja la nyimbo yaitali ya Bach yonena za masautso a Yesu monga mwa Mateyu. Taganizani, kupatsa mwana mulu wa mapepala a nyimbo yomwe palibe ankaiyimba! Iye anaiphunzira kwa zaka. Mphunzitsi wake, Carl Friedrich Zelter, ankakayika kuti zingatheke, koma Mendelssohn ndi mnzake Eduard Devrient anaumirira. Pa 11 Marichi 1829, ali ndi zaka 20, anaitsogolera ku Berlin. Anaidula kwambiri kuti anthu asatope, ndipo ine sindimuimba mlandu. Anthu anadzaza, anaibwerezanso, ndipo mizinda ina inatsatira.

Kenaka agogowo anandilozera chifanizo cha Mendelssohn mwini, chapafupi pomwepo. Mawu awo anatsika. Choyambirira chinali pa holo ya Gewandhaus, ya gulu la oyimba lomwe iye ankalitsogolera kuyambira 1835, koma a chipani cha Nazi, cha Hitler, anachichotsa mu 1936 chifukwa anabadwira m'banja la Chiyuda. Ichi ndi cha 2008. Ndinakhala duu. Munthu amene anawabwezera Bach wawo, iwo n'kumufafaniza.

Khofi anakana, akuti basi yawo yatsala pang'ono. Ndinamwa ndekha, mayuro anayi kakapu kosakhutitsa.

Nyumba imene Mendelssohn anamwaliriramo mu 1847, ali ndi zaka 38 zokha, ili pa msewu wa Goldschmidtstraße, ndipo pano ndi malo osungirako mbiri yake. Ndinaiyendera mothamanga. Inu mupatule maola awiri. Kutchalitchi fikani msanga, pakhomo mumapereka mayuro ochepa basi ndipo mipando yabwino imatha.

Anyamata aja atayamba kuyimba, maganizo anga anathawira kumudzi. Agogo anga aamuna ankaphunzitsa kwaya, ndipo anali ndi kope lachikuto chofiira lodzaza nyimbo zolembedwa mu do re mi, zina zopeka okha. Ife a kwaya za masiku ano timathamangira kiyibodi ndi nyimbo za pa wailesi, zakalezo timati n'zogonetsa tulo. Inenso ndinanenapo choncho, iwo akumva.

Ndili m'sitima yobwerera, nsapato zidakali zonyowa, ndinawaimbira foni amayi kuwafunsa za kope lija. Akuti mwina lili m'sutikesi ya pansi pa bedi, ngati chiswe sichinalipeze. Alonjeza kuti akayang'ana mawa akaweruka kutchalitchi.